Ndikufuna kupita kukoleji koma kwathu ndalama kulibe, ndiyambire pati?

Funso

Zikomo amayi alangizi. Ndine mtsikana wa zaka 17, ndipo kwanditsalira chaka chimodzi ndi miyezi ingapo kuti ndilembe mayeso omaliza a kusekondale. M'kalasi ndimakhoza bwino, makamaka masamu ndi sayansi, ndipo mtima wanga uli pa maphunziro a zaumoyo. Vuto ndi ndalama. Bambo anga ntchito inawathera chaka chatha, mayi anga ali ndi kabizinesi kakang'ono komwe kamatidyetsa, ndipo pambuyo panga pali ana atatu. Amalume ananenapo kuti ndikadzakhoza adzandithandiza, koma nkhaniyi sitinaikambenso. Kunyumba ndikangotchula za koleji aliyense amangoti zii. Mnzanga wandionetsa tsamba lina pa Facebook la munthu amene akuti amapezera ana sikolashipu zakunja bola umulipire kaye. Ena akuti ndidzangotenga ngongole. Usiku tulo sindikuona, ndipo nthawi zina ndimaona ngati kulimbikira kwangaku n'kwachabe. Kodi ndiyambire pati?

Yankho

Mwana wanga, zikomo chifukwa cholemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Wafunsa pa nthawi yake. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikulangiza ana a sekondale, ambiri amandipeza madzi atafika kale m'khosi: zotsatira zatuluka, kalata yowaitana kukoleji ili m'manja, sukulu ikutsegulidwa pakangotha masabata atatu, m'nyumba mulibe ngakhale yoyendera. Zikatero timangothamanga uku ndi uku ngati nyumba ikupsa. Iwe uli ndi chaka chathunthu ndi miyezi pamwamba, ndipo m'chaka chimodzi munthu amakonza zambiri.

Zoti kunyumba amangoti zii usazitenge ngati akukukaniza. Kholo lomwe ntchito yalithera limadziona ngati lalephera, ndipo mwana akatchula chinthu chomwe silingakwanitse, limasowa poyang'ana. Ndikukhulupirira kuti bambo akonso tulo sakuona, ndipo chikuwasowetsa tulo ndi nkhani yomweyi.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimalakalaka mwana aliyense atachimva asanachoke kusekondale. Ana ambiri, ngakhale makolo omwe, amakonzekera zolowa koleji, koma okonzekera zomaliza ndi ochepa. Ndalama ya semesita yoyamba kawirikawiri imapezeka. Mbiri yoti mwana wasankhidwa imakondweretsa aliyense, achibale amasonkha, wina amagulitsa katundu, wina amabwereka, mwana n'kunyamuka. Mavuto amadzayamba chaka chachiwiri kapena chachitatu, chimwemwe chija chitazirala, chogulitsa chitatha, aliyense atabwerera ku mavuto a pakhomo pake.

Sindiiwala mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, wanzeru zedi, yemwe anabwera kudzandiona ali m'chaka chachitatu. Anakhala pampando osatula n'chikwama chomwe kumsana, kenako anatulutsa pepala lopindidwa kanayi n'kuliika patebulo osalankhula. Inali kalata yomuuza kuti saloledwa kulemba mayeso chifukwa cha fizi yotsalira. Wachibale amene ankamulipirira anali atadwala, ndipo panalibe amene anaganizirapo kuti zoterezi zingachitike. Ndinamufunsa ngati poyamba paja analembetsako thandizo lina lililonse. Anati ayi, popeza womulipirira analipo. Tinayesetsa ndithu, ndipo anabwerera kusukulu patatha chaka. Koma ena omwe zimawagwera chimodzimodzi sabwereranso, amatsala ndi ngongole m'khosi, pepala alibe. N'chifukwa chake funso lomwe ndikufuna uzidzifunsa kuyambira lero ndi ili: ndalama yondifikitsa tsiku lomaliza idzachokera kuti, ndipo gwero limodzi likadzauma ndidzatsamira pati?

Patula kope limodzi la nkhani imeneyi yokha. Sankha makoleji atatu kapena anayi omwe ali ndi maphunziro omwe ukufuna, ndipo mtengo wake uutenge ku ofesi yawo kapena pa tsamba lawo lenileni la intaneti, osadalira zomva kwa anzako. Fizi ndiyo aliyense amaiona, koma ndi mbali imodzi chabe. Lemba malo ogona, ndipo ufunse ngati hositelo imakwanira ophunzira onse, chifukwa m'makoleji ambiri malo amaperewera, ena n'kumachita lendi kunja kwa mpanda. Lemba chakudya cha tsiku lililonse, thiransipoti yopita ndi kubwera pa tchuthi, mabuku, kusindikiza ntchito za m'kalasi, intaneti, sopo ndi zina zofunika kwa mtsikana mwezi ndi mwezi, ndiponso laputopu kapena foni yoti n'kuwerengerapo. M'makoleji omwe boma limathandizapo pa fizi, ndalama yogona ndi kudya ukaiphatikiza chaka chonse ikhoza kufanana ndi fiziyo, ngakhale kuiposa kumene. Ana ambiri omwe ndawaona akuvutika, fizi inali italipiridwa, chomwe chinkawalepheretsa kumva za m'kalasi ndi njala.

Maphunziro a zaumoyo ali ndi zawonso zomwe anthu amaiwala. Pamafunika yunifolomu ndi tizipangizo tina, ndipo pamakhala miyezi yomwe ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito m'zipatala, nthawi zina kutali ndi koleji, komwe amafunika malo ena ogona. Ukamaliza pamakhalanso ndalama yolembera mayeso a chilolezo ndi yolembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo, ndipo popanda zimenezi sungagwire ntchito ngakhale pepala uli nalo. Ufunse wophunzira amene ali m'chaka chachitatu kapena chachinayi pa maphunziro omwewo, ndiye angakuuze ndalama zomwe sizilembedwa pa chikalata cha fizi.

Ukapeza mtengo wa chaka chimodzi usangochulukitsa ndi zaka zinayi basi, chifukwa mitengo siima. Masamu umawadziwa, ndiye taona: ngati chaka choyamba chikufuna 100, ndipo zinthu zikukwera ndi 10 pa 100 chaka chilichonse, chaka chachiwiri chidzafuna 110, chachitatu 121, chachinayi 133. Zonse pamodzi ndi 464, pomwe iwe unkayembekezera 400. Pamwamba pake uikepo kena kodikirira matenda kapena kubwereza phunziro. Nambala yomwe ituluke idzakuopsa, ndikudziwa. Komabe nambala yoopsa yomwe ukuidziwa umatha kuigawa m'magawo n'kumafunsa kuti gawo ili asenza ndani, gawo ilo asenza ndani. Mantha opanda nambala ndi amene amangokudya usiku.

Kope limeneli ndi limene lidzatsegule pakamwa pa makolo ako. Usawafunse kuti "kodi mudzandilipirira?", funso limenelo limabaya munthu amene alibe. Upeze nthawi yomwe mitima ili pansi, ana ena atagona, uwaonetse zomwe wapeza, unene kuti, "Amayi, ababa, ndafufuza ndipo zikuoneka chonchi. Sindikuti mulipire zonse. Ndikufuna tione limodzi mbali yomwe ingatheke pakhomo pano, kuti yotsalayo ndiyambe kuifunafuna panopa." Ndaona abambo omwe miyezi yambiri sankaitchula nkhaniyi akutenga cholembera n'kuyamba kuwerengetsa okha. Ngakhale atanena kuti angakwanitse thiransipoti ndi sopo basi, ulembe, ndi gawo limenelo. Ukumbukirenso kuti kabizinesi ka mayi ako ndi kamene kakudyetsa anthu asanu ndi mmodzi. Mpamba wake usadzathere pa fizi ya semesita imodzi, chifukwa ukatha, iwe ndi azing'ono ako nonse mudzagwira njakata.

Za amalume, mawu awo ndi abwino ndipo uwathokoze, koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. "Ndidzathandiza" angatanthauze fizi yonse ya zaka zinayi, angatanthauzenso ndalama yoyendera tsiku lonyamuka. Mayi ako ndiwo angaiyambitse bwino nkhaniyi kwa mlongo wawo, iwe ulipo ndi kope lako. Mwaulemu mumve zinthu zitatu: adzathandiza mbali iti, ndalama zingati pa semesita, ndipo kwa zaka zingati. Ngati n'kotheka, ndalamayo azidzaipereka okha ku akaunti ya koleji n'kukupatsa lisiti, izi zimachotsa kukayikirana pachibale. Akanena zochepa kusiyana ndi zomwe unkayembekezera, usakhumudwe. Zochepa zotsimikizika umamangapo dongosolo, pomwe zambiri zongolonjeza zimakusiya panjira.

Tsopano ndibwere pa kulimbikira kwako komwe ukuti mwina n'kwachabe. Pa zinthu zonse zomwe tikukambazi, malikisi ako ndiyo ndalama yaikulu yomwe ili m'manja mwako lero. Malo otsika mtengo, omwe boma limathandizapo, amalimbiranidwa ndi magiredi. Sikolashipu zambiri zimayang'ana magiredi. Kusiyana kwa giredi imodzi pa phunziro limodzi kukhoza kusiyanitsa amene walowa pa mtengo wotsika ndi amene akukalipira mtengo wonse kukoleji yomwe si yaboma. Ola lomwe ukuwerenga usiku likuchepetsa ndalama yomwe banja lako lidzafunike kupeza. Ufufuze lero zomwe maphunziro omwe ukufunawo amafuna polowera. A zaumoyo kawirikawiri amafuna bayoloje, kemisitiri, fizikisi kapena masamu, komanso giredi yabwino ya chilankhulo chomwe amaphunzitsira. Apa ndi pomwe ana ambiri a sayansi amapunthwa: amakhoza bwino zamanambala, chilankhulo n'kuchinyozera, mapeto ake giredi imodzi imeneyo n'kuwatsekera khomo.

Posankha maphunziro usaike mtima pa khomo limodzi. Zaumoyo n'zotakata: kuli udokotala, unamwino ndi uzamba, zamankhwala, zoyeza magazi ndi zina mu labotale, zojambula m'thupi, zamano, zakadyedwe, zaumoyo wa anthu m'madera. Uike patsogolo chomwe mtima wako ukufuna, kenako china choyandikana nacho chomwe mpikisano wake ndi wocheperapo, kenakonso china chachifupi ndi chotsika mtengo, monga dipuloma ya zaka ziwiri kapena zitatu. Ine sindiona dipuloma ngati kugonja. Munthu amayamba ntchito msanga, amathandiza kwawo, kenako amadzapitiriza digiri akudzilipirira yekha kapena atatumizidwa ndi kuntchito. Ku America ophunzira ambiri amayamba dala pa makoleji a zaka ziwiri otsika mtengo, kenako n'kusamukira ku yunivesite kukamaliza zaka ziwiri zotsalazo. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Chofunika n'kufunsiratu ngati dipuloma imeneyo imavomerezedwa popitiriza digiri.

Ndipo usadzalipire kalikonse kukoleji iliyonse usanatsimikize kuti ndi yovomerezeka. Mayiko ambiri ali ndi bungwe la boma lomwe limalembetsa makoleji ndi kuunika maphunziro awo, ndipo ntchito ngati unamwino zili ndi bungwe lawolawo. Uone zonse ziwiri: kolejiyo ili m'kaundula, komanso maphunziro enieniwo omwe ukufuna ndi ovomerezeka, chifukwa koleji ikhoza kuloledwa kuphunzitsa zina koma osati zina. Palibe ndalama yowawa ngati yomwe banja lavutikira zaka zitatu n'kudzamva kuti pepalalo silidziwika.

Pofunafuna ndalama, ndondomeko yanga ndi iyi: uyambe ndi yosabweza, kenako ya pabanja ndi yomwe wapeza wekha, ngongole ibwere kumapeto kudzatseka mpata wotsala. Yosabweza ili mitundu iwiri, ina amapereka poona kukhoza, ina poona kusowa, ndipo iwe ukhoza kulowa monse muwiri. Ana amathamangira sikolashipu zotchuka zomwe anthu zikwizikwi akulimbirana, n'kuiwala zapafupi: thumba la koleji yomweyo lothandizira ophunzira osowa, mipingo, makampani, mabungwe olimbikitsa atsikana pa sayansi, magulu a anthu omwe anaphunzira pa sukulu yako kale. Zina mwa izi sizilengezedwa mokweza, amadziwa ndi aphunzitsi aakulu. Upite ukawauze mmene zinthu zilili kwanu, usachite manyazi, pajatu safunsa anadya phula. Thandizo laling'ono usalinyoze. Lina likalipira mabuku, lina malo ogona, mtolo umapepuka.

Mapepala uyambe kusonkhanitsa panopa n'kuwaika mu envelopu imodzi: chiphaso chako ndi cha kubadwa, malipoti a sukulu a zaka zonse, kalata yosonyeza kuti bambo ako ntchito inatha, ndi umboni wa zomwe wachitapo kunja kwa kalasi. Uwajambulenso n'kusunga pa imelo yako, ndipo imeloyo ikhale ya dzina lako lenileni. Aphunzitsi awiri omwe amakudziwa bwino uwapemphe msanga kuti adzakulembere kalata yokuchitira umboni. Ndaona ana oyenera akuphonya mwayi chifukwa tsiku lotseka linafika pepala limodzi lisanapezeke. Akakupempha kulemba za moyo wako, usangolira umphawi, popeza onse olembawo ndi ovutika. Unene zoona zokhazokha, ufotokoze zomwe wachita ngakhale zinthu zili choncho, monga mmene umathandizira mayi ako kuwerengera ndalama za bizinesi kapena kuphunzitsa azing'ono ako masamu, ndi chifukwa chake wasankha zaumoyo.

Za kunja zija, mwayi ulipo ndithu, koma uyenera kudziwa khomo loyenera msinkhu wako. Mayina otchuka a sikolashipu ngati Chevening, Fulbright ndi Rhodes ndi a anthu omwe ali kale ndi digiri yoyamba, ndipo Chevening imafunanso kuti munthu akhale atagwirapo ntchito zaka ziwiri, choncho pakali pano usataye nawo nthawi. Zolandira omaliza sekondale ziliponso. Mastercard Foundation kuyambira 2012 ili ndi ndondomeko yothandiza achinyamata, makamaka a mu Africa, omwe ndi anzeru koma osowa, ndipo munthu amalembetsa kudzera m'mayunivesite omwe amagwira nawo ntchito. Boma la Japan lili ndi sikolashipu ya MEXT yomwe amalembetsa kudzera ku ofesi ya kazembe, boma la Turkey lili ndi Türkiye Bursları, ndipo Hungary ili ndi Stipendium Hungaricum yomwe inayamba mu 2013 ya mayiko omwe anapangana nawo. Ku Japan ndi ku Turkey ophunzira ambiri amayamba ndi chaka chophunzira chilankhulo. Mayunivesite ena olemera a ku America, monga Harvard, Yale, Princeton ndi MIT, amapereka thandizo molingana ndi kusowa kwa banja ngakhale kwa ochokera kunja, koma ku Harvard amatenga ochepera 5 pa olembetsa 100 alionse. Udziwenso kuti ku America udokotala munthu amauphunzira atamaliza kaye digiri ina. Ku Germany mayunivesite ambiri aboma salipiritsa fizi, komabe kuti upeze viza uyenera kusonyeza ndalama yokhalira chaka chonse, ndipo maphunziro ambiri a digiri yoyamba ali m'Chijeremani. Mayeso a Chingelezi monga IELTS ndi TOEFL ndi olipira ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndiye usathamangire kulemba usanadziwe kuti komwe ukufunako akuwafuna. Uyese, koma zakunja zikhale zoonjezera pa dongosolo lomwe lingaime palokha. Ufunsenso ngati pepala la zaumoyo la dziko limenelo lidzavomerezedwe komwe ukufuna kudzagwira ntchito.

Koma munthu wa pa Facebook uja umusiye. Sikolashipu yeniyeni ndi ndalama yobwera kwa iwe, ndipo palibe munthu wapakati amene angakutsimikizire malo, chifukwa amasankha ndi eni ndalamazo. Kulembetsa MEXT kapena Türkiye Bursları n'kwaulere. Akathyali amadziwika ndi zomwezomwezo: amafuna ndalama patsogolo, amati uitumize pa nambala ya munthu, amakufulumizitsa kuti malo atsala awiri, ndipo ukalipira imodzi imatulukanso ina ya viza, ina ya inshulansi. Ena amaposa apo, amatenga atsikana ponamizira sukulu n'kukawalanda pasipoti kunja. Chilichonse chomwe waona, ukachitsimikize pa tsamba lenileni la yunivesiteyo kapena ku ofesi ya kazembe wa dzikolo, ndipo mnzakoyo umuchenjeze.

Ngongole sindiiopa, koma ndimaipatsa ulemu. Ngongole zonse si zofanana. Ya boma yothandizira ophunzira, komwe ilipo, ndiyo yofewa: chiwongoladzanja chimakhala chotsikirapo ndipo umayamba kubweza utamaliza. Mayiko ena anapita nayo patali. Australia kuyambira 1989 ili ndi njira yoti munthu amabweza kudzera mu msonkho pokhapokha malipiro ake akafika pa mlingo winawake, ndipo ku England zilinso chimodzimodzi, yotsala imafafanizidwa pakapita zaka 30 kapena 40. Kwina ayi, nthawi yobweza ikakwana amafuna ndalama yawo kaya uli pantchito kaya ayi. Choncho usanasaine ufunse: chiwongoladzanja ndi chingati, chimayamba kuwerengedwa ndikadali pasukulu kapena nditamaliza, ndikasowa ntchito chimachitika n'chiyani, ndikasiyira panjira bwanji, ndipo amene wandisainira ngati mboni adzakhala ndi udindo wanji? Ufunsenso ngati ngongoleyo ndi ya fizi yokha kapena ilinso ndi yodyera, ndiponso ngati amaipereka ku koleji yomwe wasankha. Ngongole zoterezi zimatha kuchedwa kutuluka sukulu itatsegulidwa kale, ndiye pamafunika ndalama yokhalira miyezi iwiri yoyamba.

Chiwongoladzanja chimabereka ana, anawo n'kuberekanso. Ukabwereka 100 pa 10 pa 100 pachaka osabweza kanthu zaka zinayi, umatuluka pasukulu ndi ngongole ya 146. Njira yachidule yowerengera ndi kugawa 72 ndi chiwongoladzanjacho: pa 12 pa 100, ngongole imawirikiza kawiri m'zaka 6. Tsono katapila amene akufuna 20 pa 100 mwezi uliwonse, 100 yako pakutha chaka yasanduka pafupifupi 890. Makolo ako asadzayerekeze kulipira fizi ndi katapila, ngakhale kuika nyumba kapena malo ngati chikole. Muyeso womwe ine ndimapatsa ana ndi uwu: ngongole yonse ya zaka zonse isapose malipiro a chaka chimodzi a munthu amene wangoyamba kumene ntchito yomwe ukuphunzirayo. Malipirowo ufunse kwa omwe akugwira ntchitoyo, ufunsenso kuti anadikira nthawi yaitali bwanji asanalembedwe. Ngongole yomwe yakufikitsa pa pepala lovomerezeka la ntchito yomwe anthu akuifuna imabwezeka. Yomwe imapha ndi ya munthu amene wasiyira panjira.

Ukalemba mayeso pamakhala miyezi yodikira. Imeneyo usaigone. Mtsikana wodziwa masamu akhoza kuphunzitsa ana a makalasi a m'munsi, kugwira maganyu oyenera kapena kuthandiza kukulitsa bizinesi ya mayi ake, ndipo kangachepe komwe wapeza kakhale ka miyezi iwiri yoyamba ija. Uphunzirenso kompyuta, idzakupeputsira zambiri. Ukadzalowa, kaganyu ka maola ochepa n'kabwino, koma maphunziro a zaumoyo ndi othina, ndipo kubwereza chaka kumadya ndalama yoposa yomwe ganyu ingabweretse, mwinanso n'kukuchotsera sikolashipu. Maphunziro apatali, ophunzira uli kwanu, ndi njira yakale ndi yolemekezeka, yunivesite ya UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa motero mu 1946 ndipo Open University ya ku Britain inakhazikitsidwa mu 1969, koma ntchito yogwira odwala ndi manja siphunziridwa patali. Ndipo zikadzavuta kuti chaka choyamba ndalama sinakwane, kudikira chaka chimodzi uli ndi dongosolo si kulephera. Ungofunsa ngati koleji ingakusungire malo, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Pali chinanso chomwe sindingakubisire, popeza ndiwe mwana wamkazi. Pamene pali mtsikana wanzeru wosowa fizi, pamabwera amuna onena kuti athandiza. Thandizo lomwe akuti usauze makolo ako, kapena lokakambirana malo obisika, lili ndi mtengo womwe sungaukwanitse, ndipo ndaona maphunziro a atsikana abwino akuthera pamenepo. Wothandiza moona mtima saopa kukumana ndi makolo ako ndipo saopa kulipira ku akaunti ya sukulu. Wina akakukakamiza, kaya ndi mphunzitsi, kaya wachibale, kaya ndani, uuze mayi ako kapena mphunzitsi wamkazi amene umamukhulupirira tsiku lomwelo. Njuga za pafoni nazonso zamaliza fizi za ana ambiri omwe ankati aichulukitse.

Ukadzakhala pakoleji n'kuona kuti ndalama ikuvuta, usadzabisale ngati mnyamata uja. Upite msanga ku ofesi yoona za ophunzira ndi ya zachuma tsiku lomaliza kulipira lisanafike. Makoleji ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono kwa amene wanena nthawi ilipo, ndipo ngati n'koyenera kuima kaye, uime polemba kalata kuti malo ako ndi malikisi ako zisungike.

Za tulo zandikhudza. Kuda nkhawa ndi tsogolo n'kwachibadwa, ndipo kawirikawiri kumachepa munthu akayamba kuchitapo kanthu. Koma ukaona kuti papita masabata awiri kapena kuposa usakugona, chakudya sichikulowa, m'kalasi sukumva, kapena zikukubwerera zoti kuli bwino kungofa, usadikire. Uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira ndipo mupite kuchipatala, amenewo ndi matenda ngati ena onse ndipo amachizika.

Sabata ino upeze kope lija ndi mitengo ya makoleji atatu, ndipo ukaonane ndi aphunzitsi aakulu kapena mphunzitsi wolangiza za ntchito pasukulu panu. Mukakhala pansi ndi makolo ako komanso amalume, undilemberenso undiuze manambala omwe atuluka, tidzaone limodzi pomwe pakuperewera ndi makomo omwe tingagogode.